Chitofu cha gasi cholowetsa m'thabwa: makalata a omvera

WOWULUTSA: A mmisiri a zagasi ali nafe muno. Kalata iyi yachokera kwa mayi ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti: "Tatopa ndi kuthimathima kwa magetsi komanso kudula kwa makala, ndiye tagula chitofu cha gasi cha mapuleti anayi, chija chagalasi pamwamba. Kalipentala waboola kale thabwa la kukhitchini, ndipo akuti amata silikoni m'mbali monse kuti gasi asamatuluke. Ndimulole?"

MMISIRI: Mayi, muuzeni ayambe waima. Gasi satulukira m'mbali mwa chitofu ayi. Akamatayika, ndiye kuti ndi kunsi, pamene paipi yalumikizana ndi chitofu, kapena pa leguleta. M'mbalimo timatsekera madzi, msuzi ndi phala losefukira, kuti zisatsikire m'kabati kukaitana mphemvu.

Funafunani m'katoni momwe munali chitofucho. Mupeza kalamba kopyapyala ka siponji, komata mbali imodzi. Yalani bulangete, mutembenuzirepo chitofu, mumate kalambako m'mphepete mwenimweni kuzungulira konse. Nsonga zake zikumane, koma zisakwerane, chifukwa zikakwerana chitofu chimakhala chopendekeka. Kenako chitsitsireni m'bowo muja, mumange tizitsulo togwirira kunsi pang'onopang'ono, uku pang'ono, uko pang'ono. Galasi silifuna dzanja laukali.

WOWULUTSA: Nanga silikoniyo walakwanji, a mmisiri? Anthufe timamukhulupirira.

MMISIRI: Amagwira mopitirira muyeso, bambo. Chitofu chimafuna kuzulidwa tsiku lina, mwina kothethetsa moto kafa, mwina paipi yakalamba. Chaka china ndinaitanidwa kunyumba ina ku Chilomoni komwe anamata chonchi. Tinatha ola lathunthu tikucheka silikoni ndi mpeni, mwini nyumba ataima pambali manja ali m'chiuno, pomaliza tinangomva kuti thee! galasi lang'aluka pakona.

Silikoniyo malo ake alipo, koma ndi ena. Matabwa ambiri a kukhitchini ndi chipboard, utuchi wopanikizidwa ndi guluu, wokutidwa pamwamba pokha. Kalipentala akaboola, m'kati mwa bowomo mumatsala utuchi wosavala. Ukamwa madzi umafufuma ngati buledi wogwera mu tiyi, ndipo subwereranso. Ndiye pakani m'mbali mwa bowomo vanishi kawiri, kapena silikoni yemweyo wopaka ndi chala, ziume usiku wonse, chitofu chilowe mawa lake. Amene muli ndi granite zofufuma mulibe, koma woboolayo asiye makona obulungira, poti mwala umayambira kung'aluka pakona yakuthwa.

WOWULUTSA: Bambo ena a ku Zomba atitumizira uthenga pa WhatsApp. Akuti chitofu n'chatsopano, anabwera nacho mwana wawo kuchokera ku London, koma lawi ndi lalitali, lachikasu, mapoto onse ada bii ndi mwaye.

MMISIRI: Amenewo ndi majeti, timitu tamkuwa tokhala ndi kabowo pakati pa puleti iliyonse. Ku Britain nyumba zambiri zimalandira gasi wodzera m'mapaipi apansi panthaka, ndipo zitofu zimachoka kufakitale zili ndi majeti a gasi ameneyo. Wathu wa m'silinda, LPG, amafuna kabowo kakang'ono kuposa apo. Kawirikawiri majeti ake amakhala m'kathumba kapulasitiki pamodzi ndi kabuku, ndipo anthu amataya poyesa ndi masikuluwu otsala. Muitane wodziwa awasinthe, akonzenso kasikuluwu ka moto wochepa. Aonenso leguleta, ikhale yolembedwa 2.8 kPa kapena 30 mbar, osati ija yamphamvu yophikira zapaukwati. Lawi labwino ndi labuluu, lalifupi, lokhazikika.

WOWULUTSA: Funso lomaliza ndi la mtsikana wa ku Mzuzu amene wangolowa kumene m'nyumba yalendi. Akufunsa ngati silinda ingakhale m'kabati ya pansi pa chitofu.

MMISIRI: Achemwali, gasi uyu ndi wolemera kuposa mpweya. Akatayika sakwera kudenga ngati utsi, amayenda pansi n'kudikha ngati madzi. Silinda ya 19 kg kapena 48 kg ikhale panja, m'kakhola kazitsulo kokhoma. Ya 9 kg ingakhale m'kabati yakeyake, yoima chilili, yokhala ndi mabowo kunsi kwa chitseko, mopanda soketi yamagetsi, ndipo paipi isakhudze kunsi kwa chitofu komwe kumatentha.

Mukalumikiza, sungunulani sopo m'kapu mpaka thovu, mutsegule silinda mabatani onse a chitofu ali otseka, mupake thovulo polumikiza paliponse. Likamatukumuka timabaluni, tsekani silinda, tsegulani mawindo, musayatse getsi. Ndipo chonde, zoyesera ndi machesi zija musiye.

WOWULUTSA: A mmisiri, nthawi yatithera. Makalata otsalawa tidzawerenga sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi.