Phunziro 14: Kunola ndi Kuwalitsa Zitsulo Zathu

Kuno ku Mongue mvula imayamba mu Novembala, ndipo imatha cha mu Epulo. Imeneyi ndiyo miyezi imene makasu, zikwanje, nkhwangwa ndi zisenga zathu zimagwira ntchito yaikulu. Ndiyonso miyezi imene dzimbiri limadya chitsulo. Khasu ladzimbiri limamatira dothi. Limalemera m'manja, ndipo wolima amatopa dzuwa lisanakwere. Chikwanje chobuntha chimaterereka pa mtengo nkukatema mwendo.

Tsono ndalama za m'thumba la koperativa yathu ndi zochepa. Tikapita kumsika wa ku Milange kapena kutsidya, ku Limbuli, tigule chiyani?

Choyamba tigule tupa. Tupa wa mano akuluakulu ndi wa makasu ndi nkhwangwa. Wa mano ang'onoang'ono ndi wa zikwanje ndi zisenga. Tupa amadya chitsulo pokankha pokha. Pobwerera timunyamule, chifukwa kukhukhuza uku ndi uku kumatha mano ake msanga. Tisamugwiritse ntchito wopanda mpini, angatibaye pachikhatho.

Mwala wonolera sitigula, tili nawo. Koma miyala ndi yosiyana. Wokhakhala umachotsa mabenthu. Wosalala umamaliza ntchito. Tizithira madzi ponola kuti tizitsulo tisatseke mwalawo.

Kuwalitsa ndi ntchito ina. Ena amati, "Kuwala nkwa chiyani, ngati tikupita ku ukwati?" Ayi anzathu. Chitsulo chosalala sichisunga madzi, motero dzimbiri limasowa pogwira.

Lamulo lake ndi limodzi: timayamba ndi chokhakhala, timatsiriza ndi chosalala. Ngati dzimbiri ndi lambiri, tiviike chitsulo mu viniga kapena m'madzi a mandimu usiku umodzi. M'mawa tikweche ndi mchenga wa kumtsinje, titsuke ndi madzi a phulusa, ndipo tiumitse nthawi yomweyo. Kenaka tipere njerwa yootcha mpaka ikhale ngati ufa, tisakanize ndi mafuta pang'ono, tipukute ndi kansanza. Chomaliza ndi phulusa losefa. Zonsezi zili pakhomo pathu.

Amene tayamba kuwerenga manambala, taonani ntchito yake. Kuseri kwa sandipepa kuli nambala. Nambala yaing'ono, monga 80, ndiye kuti pepalalo ndi lokhakhala. Nambala 220 ndi yapakati. Nambala 400 kapena 600 ndi yosalala. Tisalumphe kuchoka pa 80 kufika pa 600, popeza mikwingwirima ya pepala loyambalo siichoka. Wogulitsa akatipatsa pepala, titembenuze tiwerenge tokha.

M'masitolo ena muli mitanda yowalitsira zitsulo, yolimba ngati sopo wouma. Mtundu wake ndiwo umatiuza ntchito yake. Wakuda ndi wokhakhala, umachotsa mikwingwirima. Woyera ndi wa zitsulo zolimba monga mipeni. Wobiriwira ndi wosalala kwambiri, womalizira. Wofiira tiusiye, ndi wa golide ndi siliva, ndipo pa chikwanje nkutaya ndalama. Kwa ife mtanda umodzi woyera kapena wobiriwira wakwana. Tipake pang'ono pa chikopa chakale chokhomera pathabwa, ndipo tikoke mpeni chambuyo, kukamwa kwake kukutsatira, kuti usadule chikopacho.

Nanga makina? Achinyamata ambiri akufuna galayinda yamagetsi. Imafulumira, nzoona. Koma imatentha chitsulo. Tikaona kukamwa kwa chikwanje kwasanduka kobiriwira ngati khosi la nkhunda, tidziwe kuti chapsa. Chitsulo chimene wosula anachilimbitsa pachipala chafewa, ndipo chizibuntha tsiku ndi tsiku. Galayinda imadyanso chitsulo chambiri, khasu limachepa lisanakalambe. Ife tikuona kuti mwala wozungulira wopukusa ndi dzanja, kapena wopalasa ndi mapedulo a njinga, ndi woyenera koposa. Sufuna magetsi, ndipo suthamanga kwambiri. Ngakhale pamenepo, tiziviika chitsulo m'madzi pafupipafupi.

Gulu likagula gudumu lansalu lowalitsira, lisamale zinthu izi. Gudumu limodzi lizipakidwa mtanda wa mtundu umodzi, popeza wakuda ukalowa m'gudumu la woyera, ntchito yonse yaonongeka. Chitsulo tichigwire mmunsi mwa gudumu, kukamwa kwake kuloza pansi, kumene gudumulo likupita. Tikachiloza mmwamba, nsalu imachikola nkuchiponya. Mpeni woponyedwa chotero umapha. Tivale magalasi otchinga m'maso, timange kansalu pamphuno, ndipo ana akhale patali. Amayi, chitenje chimangidwe bwino.

Tikatha kuwalitsa tipake mafuta. Oyilo wotha ntchito wa njinga yamoto ndi wabwino pa makasu ndi nkhwangwa. Koma pa mpeni wa kukhitchini kapena chisenga chodulira mpunga tipake mafuta ophikira, chifukwa oyilo ndi poizoni. Zida zipachikidwe m'mwamba, zisagone pansi ponyowa.

Tikambirane m'gulu:

Kodi sandipepa wosalala ndi uti, wa 80 kapena wa 400?
Chikwanje chikasintha mtundu ponola, chachitika nchiyani?
Tiwerenge makasu a koperativa yathu. Adzimbiri ndi angati? Tilembe nambalayo m'kope, ndipo tisankhe tsiku lowakwecha mvula isanagwe.