Ndodo ya giya ndi loko wa rivesi: uthenga kwa oyendetsa magalimoto m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Kapepala aka talembera eni ndi madalaivala a matola, malole ang'onoang'ono ndi magalimoto a makopaletivi, amene mumatuta fodya, soya, mtedza ndi chimanga kuchokera ku Malomo, Nthondo, Nambuma kapena Mvera. Tikukamba za ndodo yosinthira magiya ndi loko amene amailetsa kulowa rivesi mwangozi. Ndodo ndi mitu ya giya zogula padera zimapezeka m'mashopu a sipeya ndi pa intaneti, zina zonyezimira mokopa maso. Musanatulutse ndalama, dziwani chimene mukuchotsa ndi chimene mukuika.

Rivesi ndi giya yosiyana ndi zinzake

Magiya opita kutsogolo ali ndi timphete ta mkuwa, timene amakanika amati synchro. Ntchito yake ndi kufananitsa liwiro la magiya asanalumane, ndipo n'chifukwa chake mumachoka pa 2 kupita pa 3 popanda phokoso. M'magalimoto ambiri rivesi ilibe kamphete kotere. Pali kagiya kapadera kamene ndodo imakakankha kuti kalowe pakati pa magiya awiri n'kutembenuza kazunguliridwe ka mateyala. Mano ake ndi owongoka, ndipo kulira kumene mumamva galimoto ikamabwerera m'mbuyo kumachokera pamenepo.

Tsono galimoto ikuyenda kutsogolo, ndodo ikangokhudza rivesi, mano amakukutana ndi kubenthuka. Tizibenthu timagwera mu oilo n'kumazungulira giyabokosi yonse mpaka m'mabeling'i. Lero galimoto iyenda ndithu, koma vuto lidzaonekera pakapita miyezi, mwina mabelo ali pamwamba, mukupita ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma.

Maloko alipo osiyanasiyana

Pa magalimoto ambiri a magiya 5, rivesi ili kumunsi kwa giya 5, mumzere umodzi. Loko wake ali m'kati, saoneka. Mukakoka ndodo molunjika kuchoka pa 5 imakana, mpaka mutayamba mwaibweza pakati, pa fili. Pa magalimoto ambiri a magiya 6, rivesi ili pambali pa giya 1, kumanzere kwenikweni, ndipo pansi pa mutu wa ndodo pali mphete yoti muikweze ndi zala ziwiri. Pa Volkswagen zambiri mumadinikiza ndodo yonse pansi kenako n'kuipititsa kumanzere. Malole ena a matani 2 kapena 3 ali ndi rivesi pamwamba pa giya 1, ndipo chotchinga chake ndi sipuling'i yolimba basi.

Kuno dalaivala amakhala kumanja, magiya amasintha ndi dzanja lamanzere. Giya 1 ndi 2 zili kutali ndi thupi, ndiye pozifuna munthu amakankhira ndodo kunja. Ganizani chitunda cha fumbi chokwera kuphiri la Ntchisi, matumba 30 kumbuyo, injini yayamba kufooka, dalaivala akuthamangira giya 1 ndi mphamvu zonse. Mbali imene akukankhirayo ndi kumene kuli rivesi ya galimoto ya magiya 6. Pa ya magiya 5 ngozi ili pa tala: mukuchoka pa 5 kufuna 4 polowa pa Mponela, kapena poyamba mtsetse wa msewu wa Salima cha ku Mvera, dzanja likoka molunjika. Choopsa kuposa zonse ndi podzutsa galimoto pachitunda. Dalaivala akuganiza kuti ali pa 1, asiya kilatchi, galimoto ilumphira m'mbuyo, pomwe kondakitala wawerama kuchotsa mwala kuteyala.

Ndodo zogula padera

Malonda amenewa anakula ku America. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, George Hurst anayamba kupanga ndodo za giya za anthu okonda mpikisano wa magalimoto, ndipo zinatchuka mpaka Pontiac GTO ya 1964 inkatuluka kufakitale ili nayo kale. Mtundu wofala lero umatchedwa short shifter. Ndodo ya giya imayenda pa kampira kamene kali chapansi pake. Opanga short shifter amasuntha kampirako kuti dzanja liziyenda mtunda waufupi posintha giya. Zili ngati kutukula mwala ndi mtengo: mukagwira pafupi ndi potsamira, dzanja silipita kutali koma mphamvu imafunika yambiri.

Kwa woyendetsa Subaru WRX pabwalo la mpikisano phindu lilipo. Kwa matola a ku Ntchisi sitikuliona. Timphete ta synchro timafuna nthawi yake yomweyo, ndodo ikhale yaifupi kapena yaitali, ndipo mukatikakamiza timatha msanga. Magiya amayandikananso, kotero kusemphanitsa n'kosavuta pamene galimoto ikudumpha m'mabampu. Onjezani kutopa kwa mkono paulendo umene giya imasinthidwa pakona iliyonse.

Chimene chimaononga maloko ambiri si ndodo yonse ayi, koma mutu wake. Munthu agula mutu wautali wonga galasi, apeza kuti mphete ya rivesi ilibe malo oyendamo, ndiye aimanga ndi waya kuti ikhale yokwera nthawi zonse, kapena aichotseratu. Galimoto ikuoneka bwino m'kati, koma loko wapita. Ngati galimoto yanu ili ndi mphete, gulani mutu umene uli ndi mphako pansi pake yolola mpheteyo kukwera ndi kubwerera yokha. Wogulitsa akati “tingoisintha pang'ono,” mubwezereni katundu wake.

Ndodo ikamagwedera

Kawirikawiri ndodo imakhala ilibe vuto. Chimatha ndi kabushi ka pulasitiki pamene pakhala kampira kaja, makamaka labala wophimba ndodo akang'ambika n'kumalowetsa fumbi la m'misewu yathu. Pa malole amene dalaivala amakhala pamwamba pa injini, ndi pa magalimoto okoka ndi mateyala akutsogolo, pakati pa ndodo ndi giyabokosi pali makebulo kapena zitsulo zolumikiza. Izi zikalefuka magiya amasochera, ndipo loko naye sagwira pamalo pake. Rivesi ikamakukuta galimoto ili chiimire, yambani mwaona kilatchi ndi mafuta ake, chifukwa mwina sikulekanitsa bwino.

Kabushi ndi kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ndodo yatsopano. Popita ku Lilongwe kukagula, nyamulani chakuthacho ndi nambala ya chasisi. Magalimoto ochokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam amatha kufanana dzina ndi maonekedwe koma giyabokosi n'kukhala yosiyana. Ntchito imeneyi ichitike nyengo ya okushoni isanayambe.

Yesani makanika asanalandire ndalama

Imikani galimoto pamalo afulati, kokani handibuleki, zimitsani injini, pondani kilatchi. Lowetsani magiya onse imodzi imodzi, muone ngati ndodo ikugunda penapake. Kenako yesani kulowa rivesi mopanda lamulo: kuchoka pa 5 molunjika, kapena osakweza mphete, kapena osadinikiza. Ikalowa, ntchito sinathe. Siyani mphete muone ngati ikutsika yokha. Pomaliza tsegulani kiyi, lowetsani rivesi, wina aime pambali aone ngati nyali zoyera zakumbuyo zayaka.

Pamsewu

Rivesi ilowe galimoto itaimiratu. Pondani kilatchi mpaka pansi, dikirani kamphindi kuti za m'kati zileke kuzungulira. Ikakana, musalimbane nayo: bwererani pa fili, siyani kilatchi, pondaninso. Ena amayamba alowetsa giya yakutsogolo kenako rivesi, ndipo zimathandizadi. Dzanja lisatsamire pa ndodo mukuyenda, chifukwa kulemera kwake kumadya mafoloko a m'giyabokosi pang'onopang'ono.

Kutsika mtsetse pa fili pofuna kusunga mafuta ndi khalidwe loti lithe. Mabuleki amatentha, ndipo mukafuna kubwezera giya galimoto itathamanga kale, dzanja lamantha limapita paliponse. Sankhani giya yotsikira musanayambe mtsetse, yomweyo imene mukanakwerera nayo. Poimika galimoto pamalo otsetsereka, ikayang'ana kumtunda isiyeni pa 1, ikayang'ana kumunsi isiyeni pa rivesi. Handibuleki ikhale yokoka, mwala kuteyala, ndipo wochotsa mwalawo aime pambali pa galimoto, osati kumbuyo kapena kutsogolo kwake.