Kodi muyeso wa ku Ulaya ungayeze nzeru za mwana wa ku Thazima?

Taganizirani za mwana wa ku Thazima, kufupi ndi chipata cholowera ku Nyika. Amapinda mawaya n'kupanga galimoto ya chiwongolero, koma mukam'patsa pensulo kuti ajambule, zimam'kanika. Kodi ameneyu ndi mbuli? Funsoli ndi la psychology, sayansi yofufuza mmene munthu amaganizira, mmene amamvera mumtima ndi mmene amachitira zinthu.

Sayansiyi inaima payokha mu 1879, pamene Wilhelm Wundt anatsegula labotale ku Leipzig, m'dziko la Germany. Vuto n'lakuti mpaka pano kafukufuku wambiri amachitikira kumayiko olemera. Mu 2008, Jeffrey Arnett anasanthula magazini akuluakulu a psychology. Anthu 96 pa 100 alionse amene anafufuzidwa anali a kumayiko a azungu, chikhalirecho mayikowo ali ndi anthu pafupifupi 12 okha pa 100 alionse a padziko lapansi.

Ndiye zili ndi vuto lanji? Mu 1979, Robert Serpell anafalitsa zotsatira za kafukufuku woyerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England. Onse ankauzidwa kukopera zithunzi zofanana. Pogwiritsa ntchito pensulo ndi pepala, a ku England anapambana. Popinda mawaya, a ku Zambia anawasiya kutali. Poumba ndi dongo, sanasiyane kwenikweni. Mwaona? Nthawi zina mayeso amangoyeza zimene dzanja linazolowera, osati nzeru.

Serpell anafunsanso akuluakulu a Chichewa ku Katete kuti mwana wanzeru ndi wotani. Kwa iwo, kuchenjera kokha sikukwanira. Mwana wanzeru ndi wotumikira ndiponso wokhulupirika. Zimenezi mayeso a IQ saziwerengera n'komwe.

Kuno kwathu akatswiri a psychology alipo, kungoti ndi ochepa. Phunziroli lilipo ku University of Malawi ku Zomba, ndipo ku St John of God ku Mzuzu amaphunzitsa za uphungu ndi matenda a maganizo. Chiwoza Bandawe ndi mmodzi mwa akatswiri amene akhala akulimbikitsa psychology yozikidwa pa umunthu.

Mafunso osayankhidwa adakali mbwee. Kodi mwana amene kwawo amayankhula Chitumbuka, koma m'kalasi amaphunzira m'Chichewa ndi m'Chingelezi, tingamuyeze bwanji popanda kum'pondereza? Nanga vimbuza zimathandiza motani munthu wovutika maganizo? Wofufuza wodziwa chiyankhulo ndi mudzi ndiye angafike pamutu pa nkhanizi. Limbikirani Biology, masamu ndi Chingelezi, chifukwa wofufuzayo mwina ndinu.