Mlandu Suthera pa Dalaivala: Mafunso ndi Mayankho pa Kufufuza Zolakwa Zazikulu za Pamsewu

Mawu oyamba

Kabuku kano kalongosola mmene a ku Britain amafufuzira eni malole ndi mabasi amene amaphwanya malamulo mwadala, kuti ife tonse oyenda pamsewu, okwera ndi apansi omwe, tizindikire kumene ngozi zambiri zimachokera.

1. Kodi kulakwa kwakukulu kumasiyana bwanji ndi kulakwa wamba?

Nyale ya galimoto ikathima pa ulendo, wapolisi amalemba chindapusa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma pamene mwini kampani, podziwa bwino lomwe kuti mabuleki a lole yake atha, ailola ndithu kuti ituluke. Pamene aumiriza madalaivala ake kuyenda usana ndi usiku osaona tulo. Pamene alemba mapepala onena kuti galimoto inakonzedwa, chikhalirecho sipanala sinaikhudze n'komwe. Pamenepo sitinenanso za kuiwala ayi, koma za chinyengo chopanganidwa, chimene sichioneka chonse kwa munthu woima m'mbali mwa msewu, kufikira wina atalowa m'galaja ndi mu ofesi ya mwini wakeyo.

2. Nanga ndani amene amagwira ntchito imeneyi?

Bungwe la boma lotchedwa DVSA, limene linakhazikitsidwa mu 2014 pophatikiza mabungwe awiri akale, lili ndi anthu amene amaimitsa magalimoto, kuwayeza, kuletsa owonongeka kuti asapitirire ulendo, ndi kupita kumakampani kukasanthula mabuku. Koma iwowa salanda okha chiphaso cha kampani: amatula zimene apeza kwa akuluakulu otchedwa Traffic Commissioners, amene udindo wawo unachokera m'lamulo la 1930, ndipo awa ndiwo amaitana mwini magalimoto pabwalo poyera, namumva, nagamula ngati n'koyenera kumuchepetsera magalimoto, kumuimitsa kwa kanthawi, kapena kumuchotseratu pa ntchitoyo. Pakagwa imfa, apolisi ndi makhoti amalowererapo. Nzeru yake ndi yakuti wofufuza asakhalenso woweruza, pakuti mphamvu ziwirizi zikakhala m'dzanja limodzi, chilungamo chimapotoka msanga.

3. Kodi umboni amaupeza kuti, popeza wonyenga saulula yekha?

Malole aakulu a kumeneko ali ndi makina otchedwa tachograph, amene amalemba liwiro, mtunda ndi maola amene munthu wakhala pachiwongolero. Lamulo limati dalaivala asapitirire maola 9 patsiku, ngakhale amaloledwa maola 10 kawiri pamlungu. Apumule mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka. Ndipo asapyole maola 56 pamlungu kapena 90 pamilungu iwiri. Anthu aumbombo, pofuna kuzemba malirewa, ena amamatika maginito pa kachipangizo kowerenga kuyenda kwa galimoto kuti makina aziti yaima pamene ikuthamanga, ena amalowetsa khadi la dalaivala wina amene ali kunyumba kwake.

Chifukwa chake wofufuza waluso sakhulupirira pepala limodzi, koma amalifanizira ndi anzake: malisiti a mafuta, matikiti a sitima zowolotsa magalimoto panyanja, zithunzi za makamera owerenga nambala za galimoto, makalata olandirira katundu, ndi mabuku a malipiro. Makina akanena kuti lole inagona pa malo akutiakuti usiku wonse, koma lisiti n'kusonyeza kuti inamwa mafuta kutali kwambiri pakati pa usiku womwewo, bodza lagwidwa popanda wina kutsegula pakamwa. Momwemonso ndi mapepala a m'galaja, amene lamulo limati asungidwe miyezi 15: ngati onse anena kuti palibe chovuta, koma zitsulo za pansi pa galimoto zili zodyeka ndi zadzimbiri, zitsulozo ndizo mboni yoona.

4. Nanga wotsogolera kafukufuku ali ndi udindo wotani?

Iye ndiye amasankha poyambira, kugawa ntchito pakati pa odziwa zitsulo ndi odziwa mapepala, kupangana ndi apolisi, ndi kusunga chinsinsi kufikira tsiku lokalowa pakampani, kuopa kuti mabuku angatenthedwe asanafike. Amaonetsetsa kuti chilichonse chotengedwa chalembedwa, ndi dzina la wochitenga ndi tsiku lake, ndi kuti woganiziridwa wauzidwa ufulu wake asanafunsidwe, monga lamulo la 1984 lokhudza umboni likufunira. Pakuti mlandu wooneka bwino ungathe kugwa m'khoti chifukwa cha kunyozera kakang'ono kotere, wochimwa n'kutuluka akuseka. Ayeneranso kufunafuna umboni womasula munthu ndi changu chomwecho chimene afunira womumanga, chifukwa cholinga chake si kupambana, koma kudziwa choona. Ntchito yotere imadya miyezi, ndipo ofedwa amadandaula kuti boma lachedwa. Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso mlandu suola.

5. Kodi pali nkhani yosonyeza phindu la kudekha kumeneku?

Ilipo, ndipo ndi yomvetsa chisoni. Pa 9 February 2015, mumzinda wa Bath, lole yonyamula miyala inalephera kuima potsika chitunda cha msewu wa Lansdown Lane, nipha anthu anayi, mmodzi wa iwo kamtsikana ka zaka 4. Woyendetsa anali mnyamata wa zaka 19, amene anali atangoyamba kumene ntchito pakampaniyo. Ndipo kukadakhala kufulumira, iye yekha akadasenza mlandu wonse, popeza ndiye anali pachiwongolero pamaso pa anthu. Koma ofufuza atasanthula mabuleki ndi mapepala a kampani, kunaoneka kuti galimotoyo sinasamalidwe monga kuyenera, ndi kuti sikadayenera kutuluka pabwalo konse. Mu December 2016, khoti la ku Bristol linamasula mnyamatayo, koma mwini kampani ndi makaniko wake linawapeza olakwa pa imfa za anthuwo. Mwini anagamulidwa zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka, makaniko zaka zisanu ndi miyezi itatu. Izi sizitanthauza kuti dalaivala alibe udindo, pakuti lamulo limafuna kuti ayendere galimoto yake asananyamuke. Koma zitiphunzitsa kuti mlandu uyenera kulondoledwa kufikira pa munthu amene anali ndi mphamvu yokonza, nakana chifukwa cha ndalama.

6. Kodi kwathu kuno titolepo chiyani?

Nafenso tili ndi nthambi ya boma yoona za magalimoto, chiphaso cha COF chotsimikiza kuti galimoto ili bwino, ndi masikelo oyezera malole m'malo monga Mwanza, Balaka ndi Songwe. Masikelowa sali achabe, pakuti akatswiri a misewu anapeza kale kuti kulemera kogwera pa mawilo kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16; choncho wodzaza katundu mopyola muyeso amaba chuma cha mtundu wonse. Koma lole yogwidwa kasanu ndi cholakwa chimodzimodzi, eni ake n'kumangolipira chindapusa, ndi chizindikiro chakuti chindapusacho achiwerengera kale m'mitengo yawo. Ndipo galimoto yopanda mabuleki ikapezeka ndi COF yatsopano, funso liyenera kupita kwa amene anasainira, ngakhale akhale wolemekezeka, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka ngati onse aopa kuswa mkhatewo. Pamene pali fungo la ziphuphu, bungwe lolimbana nazo la ACB lilipo kuti lilandire madandaulo. Tiyenera tsono kupempha olamulira kuti zolakwa za kampani iliyonse zizilembedwa pamodzi, kuti ofufuza aphunzitsidwe ndi kutetezedwa kwa owaopseza, ndi kuti dalaivala kapena makaniko amene aulula zoipa za bwana wake asachotsedwe ntchito chifukwa cha kunena zoona.