Musanalipire mjigo wa kumudzi, funsani za fluoride

Ambiri mwa ife okhala ku Corby, Leicester ndi madera ozungulira tinasonkhapo ndalama zokumbira mjigo kumudzi. Makina akafika pamadzi, achibale amatumiza kanema pa WhatsApp, madzi akutuluka oyera mbee, ndipo ife timati ntchito yatha. Koma patsala chinthu chimodzi chimene sichilembedwa kawirikawiri pa mtengo wa wokumba: kuyeza madziwo ku labotale.

Kuno sitiziganizira zimenezi chifukwa ena amatichitira. Madzi a m'mipopi ku Corby amabwera kudzera ku Anglian Water, ndipo bungwe la Drinking Water Inspectorate limayang'anira kuti akukwaniritsa malamulo. Zoyera zimene zimakakamira mu ketulo ndi laimu chabe, sizidwalitsa munthu. Mjigo wa pakhomo pa agogo ulibe woulondera ngati ameneyu.

Ine ntchito yanga ndi ya mankhwala, choncho ndimaona nkhaniyi ngati ya mlingo. Fluoride ndi mchere wopezeka m'miyala. Akakhala wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amamuika m'mankhwala otsukira mano, amene timalavula osameza. Akachuluka m'madzi akumwa tsiku ndi tsiku amawononga. Bungwe la WHO linaika malire a mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi, ndipo ndi malire omwewo amene amagwira ntchito kuno ku England. Muyezo wa Malawi wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime, MS 733 wa 2005, unalola mpaka mamiligalamu 6. Choncho wina akakuuzani kuti madzi "akhoza mayeso", mufunseni nambala yeniyeni. Mamiligalamu 4 akhoza kudutsa pa muyezo umenewo, koma ine sindingapatse mwana wanga madzi otere.

Fluoride alibe mtundu, fungo kapena kakomedwe. Chizindikiro chake chimaoneka patapita zaka, pa mano a ana: madontho oyera ngati choko, kenako mizere yofiirira imene siichoka ngakhale mutatsuka bwanji, nthawi zina timaenje. Kuwonongekaku kumachitika mano akamapangika mkati mwa nkhama, mwana asanakwanitse zaka 8. Fluoride akakhala wochuluka kwambiri kwa zaka zambiri amalowa m'mafupa, msana ndi mfundo zimauma, munthu n'kumangoti ndi nyamakazi.

Vutoli limayenderana ndi akasupe a madzi otentha. Malawi ali m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, mmene nthaka ili ndi ming'alu yozama. Madzi a mvula amatsika m'ming'aluyo, amatenthedwa ndi miyala ya pansi, n'kubwerera pamwamba ali otentha, monga ku Chiweta m'boma la Rumphi, ku Mawira ku Nkhotakota ndi ku Liwonde. Madzi otentha amasungunula michere ya m'miyala kuposa ozizira. Akatswiri ofuna kupanga magetsi kuchokera ku kutentha kwa pansi pa nthaka, monga amachitira ku Olkaria ku Kenya, amadalira zimenezi: amayeza silica, sodium ndi potassium m'madzi a kasupe, ndipo kuchuluka kwake kumawauza kutentha kwa madziwo kumene achokera, ngakhale asanakumbe. Chiweta ndi amodzi mwa malo amene afufuzidwa motere. Michere imene imasangalatsa wofufuza magetsi imabwera pamodzi ndi fluoride, ndipo madzi otenthawo akhoza kusakanikirana ndi amene mjigo wapafupi ukukoka. Ofufuza a ku yunivesite ya Strathclyde ku Scotland, pogwira ntchito ndi boma la Malawi, anapeza kuti akasupe otentha ndiwo ali ndi fluoride wochuluka kwambiri, ndipo miyala ina ya m'mapiri nayonso imamutulutsa. Mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ikhoza kusiyana, ndiye zotsatira za mjigo wa kusukulu sizinena za wanu.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Kuwiritsa madzi ndi kuthira klorini kapena WaterGuard kumapha tizilombo, ndipo aliyense amene akukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, asasiye kuchita zimenezi. Koma fluoride si kachilombo. Klorini samuchotsa, ndipo madzi akawira nthawi yaitali amachepa pamene fluoride yense amatsala mumphika.

Pogwirizana ndi wokumba, lembani kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwa zotsatira za ku labotale zikabwera. Ofesi ya zamadzi ya pa boma ingathandize kutenga madziwo ndi kuwatumiza ku Central Water Laboratory ku Lilongwe, ndipo Malawi Bureau of Standards nayonso imayeza. Pa pepalalo yang'anani fluoride, E. coli amene sayenera kupezeka n'komwe mu mamililita 100, ndi nitrate amene asapitirire mamiligalamu 50 pa lita chifukwa ndi woopsa kwa makanda. Ngati kwanu ndi ku Chikwawa kapena ku Nsanje, funsaninso za mchere. Chimbudzi chitalikirane ndi mjigo mamita 30 kapena kuposa.

Fluoride akapezeka wochuluka, mjigowo sunatayike. Madzi ake ndi abwino kuchapira, kusamba ndi kutsukira mbale. Akumwa ndi ophikira phala la ana atungidwe kwina kumene kwayezedwa, kapena akhale a mvula osungidwa bwino ndi kuthiridwa klorini. Zosefera za makala a mafupa zimachotsa fluoride, koma makalawo amatha mphamvu ndipo amafuna kusinthidwa.

Ngati mwana amene mwabwera naye kuno ali kale ndi mano a madontho, musamukalipire kuti satsuka, ndipo musakwechese manowo ndi makala kapena soda. Pitani naye kwa dokotala wa mano, mumuuze dera limene mwanayo anakulira. Ana osakwana zaka 18 salipira kwa dokotala wa mano wa NHS.