Ulimba, Mozart ndi kiyibodi: mafunso a pa Ngabu

Ku Ulaya kuli magulu a oimba amene anaika pambali zida zamakono n'kubwerera ku zida za makedzana, kuti ajambule nazo ma opera amene Mozart anapeka akadali mnyamata. Munthu wa pa Ngabu akamva zimenezi akhoza kuyankha kuti za eni ake. Koma vuto limene anthuwo akulimbana nalo ndi lomwelo lili pa ulimba, bangwe ndi ng'oma za likhuba kuno kuchigwa.

Tiyambe apa: opera n'chiyani?

Ndi sewero limene anthu ake salankhula koma kuimba, gulu la zida likuwaperekeza. Inayambira ku Italy cha m'ma 1600. Amene anakulira pa nthano za madzulo, zija wokamba amaima pakati n'kuyambitsa nyimbo ana n'kumavomera, sangadabwe nazo kwenikweni. Kusiyana kwake n'kwakuti mu opera nyimbo ndiyo imasenza nkhani yonse, ndipo liwu lililonse linalembedwa papepala.

Mozart ali mwana anapeka chiyani, ndipo bwanji sizitchuka?

Wolfgang Amadeus Mozart anabadwira ku Salzburg mu 1756 ndipo anamwalira mu 1791. Dziko limamudziwa ndi ma opera a ukulu wake, monga Le nozze di Figaro ya 1786 ndi Don Giovanni ya 1787. Komatu anayamba kale. Ali ndi zaka 11, mu 1767, anapeka Apollo et Hyacinthus m'Chilatini. Pa 26 Disembala 1770 mumzinda wa Milan anaonetsa Mitridate, re di Ponto, iye ali ndi zaka 14, ndipo inaseweredwa maulendo oposa 20. Mu 1772 kunabwera Lucio Silla, ku Milan komweko. Kenako zii. Mitridate inagona pafupifupi zaka 200 osaseweredwanso, anthu akuti ndi ntchito ya mwana, yotalika, yolembedwera mawu a oimba amene kulibenso.

Ena mwa amene anadzaiimbanso anaona kuti mbali ina ya vutolo inali zida. Christophe Rousset ndi gulu lake la Les Talens Lyriques anajambula Mitridate pa zida zakale kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ku London, Ian Page anayambitsa gulu la Classical Opera mu 1997, ndipo wakhala akujambula ma opera a unyamata wa Mozart imodziimodzi. Nyimbo zimene zinkamveka zolemera ndi zogonetsa tulo pa gulu lalikulu lamakono zinayamba kumveka zopepuka ndi zothamanga.

Zida zakalezo zimasiyana pati ndi zalero? Vayolini si vayolini basi?

Ayi. Nsambo za vayolini ya nthawi ya Mozart zinali za matumbo a nkhosa, pamene zambiri zalero ndi za chitsulo kapena ulusi wa kufakitale. Zitoliro zinali za mtengo. Malipenga analibe timabatani tija tosinthira mawu, chifukwa tinatulukiridwa Mozart atamwalira kale, choncho woliza lipenga lotchedwa hono ankasintha mawu ndi milomo komanso dzanja lolowetsa kukamwa kwa lipengalo. Ngakhale kachunidwe n'kosiyana: magulu amakono amaika liwu la A pa 440, pamene oimba nyimbo za Mozart pa zida zakale amakonda kulitsitsa kufika pa 430.

Nanga kuno kwathu chida chakale ndi chiti?

Chachikulu ndi ulimba, umene Asena amati valimba. Ndi timatabwa ta mtengo wouma, nthawi zambiri topitirira 20, toyalidwa kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu. Pansi pake amamangirira zipanda zokuza mawu, ndipo chipanda chilichonse chimakhala ndi kabowo komatidwa ndi kachikopa kopyapyala, kamene kale kankachokera ku chisa cha kangaude. Kachikopako ndiko kamabweretsa kunjenjemera kuja, kumene mlendo amayesa kuti chida chawonongeka pamene mwini wake akudziwa kuti popanda iko ulimba sunalire. Oimba amakhala atatu pa chida chimodzi, wina kumawu aang'ono, wina pakati, wina kumawu akuluakulu, manja awo akulowana, kang'oma ndi nkhocho zikugwira nthawi.

Palinso bangwe, thabwa la nsambo lolowetsedwa m'chitini kapena m'chipanda, limene munthu mmodzi amadziperekeza nalo poimba. Pali ng'oma za likhuba, zimene zimachunidwa iliyonse ndi liwu lake. Pali nyanga, zitoliro za bango zimene Anyungwe anabwera nazo kuchokera ku Tete, zoimba gulu likuvina mozungulira.

Koma kiyibodi ili ndi batani la marimba. Siingalize nyimbo za ulimba?

Ingayerekeze, koma siingafikepo, ndipo chifukwa chake si luso la woimba. Amene anaimbako kwaya akudziwa makwerero a do, re, mi. Kuchoka pa do wapansi kufika pa do wapamwamba pali masitepe asanu ndi awiri, koma si ofanana: asanu ndi aatali, awiri ndi aafupi, wa mi kupita pa fa ndi wa ti kupita pa do. Akatswiri amagawa mtunda wonsewo m'tizigawo 1,200. Pa kiyibodi sitepe yaitali ndi 200, yaifupi 100.

Ulimba nawo uli ndi masitepe asanu ndi awiri, koma onse ndi ofanana kapena kuyandikira kufanana, iliyonse cha m'ma 171. Wim van Zanten wa ku Netherlands, amene ankaphunzitsa masamu ku Yunivesite ya Malawi, anayeza zida za Asena kuno kuchigwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'magazini ya African Music mu 1980. Kutanthauza kuti mawu ambiri a ulimba amagwera pakati pa mabatani awiri a kiyibodi, pamene palibe chodina. Wojambula wa pa situdiyo akamva zimenezi amati chida chaphonya, n'kutsegula pulogalamu ya pa kompyuta yowongola mawu. Akawongola, nyimbo imatuluka yosalala ndithu, koma agogo aakazi akaimva amangoti iyi si ija. Ndipo akunena zoona, makutu awo sanakalambe.

Kachunidwe kofananaka kali ndi phindu lakenso. Popeza masitepe ndi ofanana, gulu likhoza kuyambira nyimbo pa thabwa lililonse, kukweza kapena kutsitsa malinga ndi mawu a woimba, nyimbo osasintha nkhope.

Alipo amene anajambulapo nyimbo za kuchigwa kale?

Alipo, ndipo si mmodzi. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anayenda m'Nyasaland ndi makina ake m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1958 anajambula nyimbo za Amang'anja kuchigwa, kuphatikizapo ng'oma za likhuba m'boma la Port Herald, lomwe lero ndi Nsanje. Gerhard Kubik wa ku Vienna anajambula kuno mu 1967, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito zaka zambiri ndi Moya Malamusi wa kwa Singano ku Chileka. Awiriwa anatulutsa chimbale chotchedwa Opeka Nyimbo ku Berlin mu 1989. Andrew Tracey, mwana wa Hugh, analemba mu 1991 za kaimbidwe ka gulu la ulimba la Kambazithe Makolekole, kusonyeza chimene dzanja lililonse limachita. Nayo MBC, kudzera m'pulogalamu ya Nyimbo za m'Maboma, inazungulira dziko ndi matepi.

Ndiye zili kuti? Ife sitinazimvepo.

Funso lowawa ndi limeneli. Zojambula za Hugh Tracey zimasungidwa ku Rhodes University, mumzinda wa Makhanda ku South Africa, kumene laibulale yake ija inasamukira mu 1978. Kampani ya SWP Records ya ku Netherlands inasankhamo zina n'kuzitulutsa pa CD yotchedwa Southern and Central Malawi. Munthu wa ku Amsterdam akhoza kumvetsera likhuba la 1958 akumwa tiyi, pamene mdzukulu wa woomba ng'omayo ali pa msika wa Ngabu sakudziwa n'komwe kuti agogo ake anajambulidwa. Kubweza n'kotheka, ndipo kwina kunachitika: mu 2014 laibulale yomweyo inatengera nyimbo za Tracey kwa Akipsigis a ku Kenya, m'midzi momwe zinajambulidwa. Masiku ano sipafunika galimoto ya makina. Kamemore khadi kamodzi ndi wailesi ya m'dera zakwana.

Pakati pa azungu aja ndi ife, ali pabwino ndani?

Aliyense ali ndi chimene mnzake alibe. A ku Ulaya ali ndi mapepala. Akudziwa liwu lililonse limene Mozart analemba mu 1770, koma palibe anamvapo m'mene linkamvekera, chifukwa makina ojambula mawu anabwera mu 1877. Amachita kufufuza m'mabuku akale ophunzitsira zida, m'makalata a Mozart ndi bambo ake Leopold, ndi kuyeza zida zosungidwa m'nyumba za zakale kuti apange zina zofanana nazo. Nikolaus Harnoncourt atayambitsa gulu la Concentus Musicus ku Vienna mu 1953, anatha zaka zingapo akuyeserera asanaonekere pagulu.

Ife tilibe mapepala, koma tili ndi mawu enieni pa tepi, ndiponso anthu amoyo amene anaphunzira pamapazi pa akuluakulu. Kunena mosapsatira, ife ndiye tili pabwino. Kungoti chuma chathu chili ndi tsiku lotha. Pepala la Mozart linadikira zaka 200 osasintha, pamene mmisiri wodziwa kusema thabwa mpaka lilire liwu loyenera akapita, wapita ndi khutu lake. Onjezanipo kusowa kwa mitengo ikuluikulu ngati mlombwa chifukwa cha makala, ndi madzi osefukira a 2015, a namondwe Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023. Pothawa madzi usiku munthu amanyamula mwana ndi ufa, osati zipanda.

Nanga nyimbo zathu zosadziwika, zofanana ndi za unyamata wa Mozart, ndi ziti?

Ndi zija sizifika pa bwalo la alendo. Kukabwera nduna kapena pa mwambo wa Mgumano wa Asena na Amang'anja, gulu limapatsidwa mphindi zochepa, ndipo limasankha nyimbo zothamanga zimene zimadzutsa fumbi. Zimenezo sizingafe msanga. Zili pangozi ndi nyimbo zochezera pa maliro, zija ulimba umalira usiku wonse, ndi nyimbo zazitali za bangwe mmene woimba amadandaula, kunyogodola, kusintha mawu kukhala mkazi kenako mwamuna, mpaka nkhani yonse itatha. Ngati kuchigwa kuli chinthu choyandikana ndi opera, ndi chimenecho: sewero lathunthu m'kamwa mwa munthu mmodzi.

Kodi mukuti oimba amakono a kuchigwa analakwa potengera nyimbozi pa gitala ndi kiyibodi?

Ayi ndithu. Malemu Joseph Tembo, amene anakhalapo phungu wa kuno ku Chikwawa, anafikitsa kayimbidwe ka Chisena m'makutu a anthu a ku Karonga amene sanaonepo ulimba. Agorosso wachitanso chimodzimodzi. Imeneyo ndi ntchito ina, yabwino payokha. Ku Ulaya nakonso magulu amakono sanasiye kuimba Mozart. Chongofunika n'chakuti mwana amve zonse ziwiri, adziwe kuti ya pa wailesi inachokera pati.

Zingatheke kuimba ndendende ngati kale?

Sizingatheke, ngakhale kwa azunguwo. Mbali zingapo za Mitridate zinalembedwera amuna amene anafulidwa ali ana kuti mawu awo asakule. Nkhanza imeneyo inatha, ndipo palibe akuilira. Lero mbalizo amaimba ndi akazi kapena amuna a mawu okwera. Kunonso ambiri amamata kabowo ka chipanda ndi kapulasitiki kopyapyala m'malo mwa chisa cha kangaude, ndipo bangwe anazolowera waya ndi chitini kalekale. Ine pamenepa sindiona mlandu. Pulasitiki imanjenjemera ndithu. Chimene sindingagonje nacho ndi kachunidwe, ndi kaimbidwe ka anthu atatu pa chida chimodzi, chifukwa zimenezo zikachoka chatsala ndi dzina chabe.

Wachinyamata wa pa Ngabu amene ali ndi foni yabwino kapena kasitudiyo angayambire pati?

Apite kumene kuli chida, asachikokere m'kachipinda ka makatoni a mazira. Ajambule madzulo kapena m'mamawa, chifukwa dzuwa la kuchigwa limasokoneza zikopa za ng'oma ndi oimba omwe. Nyimbo isanayambe, apemphe mwini ulimba agogode thabwa lililonse palokha, kuyambira laling'ono mpaka lalikulu, kuti kachunidwe kake kasungike ngakhale chidacho chitadzawonongeka. Hugh Tracey ndi anzake ankayeza zida motero, n'chifukwa chake lero tikudziwa m'mene zinkalirira. Kenako ajambule gulu lonse, ndipo akatha apemphe woimba aliyense aimbe mbali yake yekha. Asadule nyimbo kuti ikwane mphindi zinayi za wailesi. Asachotse phokoso la zipanda. Alembe dzina la woimba, mudzi, mfumu, tsiku, amene anapanga chida ndi amene anamuphunzitsa.

Za ndalama ndi umwini zikhala bwanji?

Agwirizane asanadine batani, pamaso pa a mfumu ngati n'kotheka. Lamulo la kukopera la 2016 limateteza nyimbo za makolo, ndipo bungwe loona za zimenezi ndi COSOMA. Koma si nyimbo iliyonse ya pa ulimba imene ndi ya makolo. Zambiri zili ndi wozipeka wodziwika, wamoyo, wokhala m'mudzi momwemo, ndipo dzina lake liyenera kulembedwa pa nyimboyo monga amalembera la Mozart. Kope loyamba la zojambulazo litsale m'manja mwa oimba wojambula asanakwere basi.