KUSUNGA GALIMOTO YAKALE

Kowerenga: Miyambo 27:23-27, Deuteronomo 22:8

Mlembi wa Miyambo alangiza mwini khola kuti asakhale mlendo kwa ziweto zace, koma azizindikira yodwala isanagwe. Masiku ano m'midzi yambiri ya ku Katete, ku Petauke ndi ku Chipata, pambali pa khola paimanso vaneti, ndipo nchito yace iposa ya ng'ombe zisanu ndi zitatu. Ndiyo ituta cimanga ndi nsawa pa masika, ndiyo ithamangira ku cipatala usiku ndi mai wodwala, ndiyonso inyamula maliro. Cotero cilangizo ca kukhola ciyeneranso kumveka kwa mwini galimoto, angakhale mlimi, angakhale mpingo.

Galimoto ikayamba kukalamba, mtima ufulumira kukhumba yatsopano. Kukhumbako si kucimwa ai. Koma walira mvula walira matope. Galimoto yatsopano kawirikawiri idza ndi ngongole, ndipo ciongola dzanja sicidziwa kuti mvula inakana, monga inakanira pa cilala ca 2024. Injini za makono zilamulidwa ndi kompyuta, ndipo zikabvuta zifuna macini oziyesera amene sapezeka kumudzi. Zakale zija, monga Hilux imene a Toyota anayamba kupanga m'caka ca 1968, kapena Nissan 1400 imene inapangidwa ku South Africa kufikira 2008, makanika wa pansi pa mtengo azidziwa monga mai adziwa mphika wace, ndipo zitsulo zace zipezeka.

Mdani woyamba wa injini m'dziko lino ndi pfumbi. Pa malimwe miseu ya dothi ifuka ngati nthunzi, ndipo injini ipuma mphepo yomweyo. Pfumbi likapyola fyuluta, ndiyo sefa ya mphepo, lisanganikirana ndi oilo, nilipala zitsulo za m'kati pang'ono pang'ono monga mcenga upala mbale. Mwini wace saona kanthu mwezi uno kapena wa mawa. Adzazindikira tsiku limene utsi wabuluu uyamba kuturuka kumbuyo, mphamvu itatha pa citunda, ndipo pamenepo mtengo wokonzera wafika pa ng'ombe zingapo. Cifukwa cace sefayo iyenera kugubuduzidwa kawirikawiri, ndi kusinthidwa ikang'ambika. Oilo pamodzi ndi sefa yace asinthidwe pa makilomita 5,000 m'galimoto yakale ya dizilo yoyenda m'pfumbi. Alipo ena amene angothira oilo watsopano pamwamba pa wakuda, nayesa kuti asunga ndalama. Amenewo afanana ndi munthu wothira madzi oyera m'mtsuko wosatsuka.

Za madzi ziri ziwiri. Dizilo wogula m'migolo ndi m'zigubu m'mbali mwa mseu nthawi zina akhala ndi madzi ndi zinyalala, ndipo izi ziononga pampu, imene iri yokwera mtengo ndithu. Kwinako, radiyeta itsekeka ndi mbeu za udzu pamene galimoto ipita m'njira za kumunda, injini nitentha. Zikatero woyendetsa aime, adikire. Asatsegule citsekero madzi ali cibwadamukire, angapse nkhope. Ndipo asathire madzi ozizira pa injini yamoto, pakuti citsulo cing'aluka.

Injini zambiri za dizilo za Hilux yakale ziri ndi lamba wa mano m'kati mwace, woyenera kusinthidwa pa makilomita 100,000. Sacenjeza, angoduka, naononga zambiri. Girisi, madzi a m'batire ndi mphepo ya m'matayala nzosabvuta, ndipo mnyamata ali yense akhoza kuziphunzira tsiku limodzi.

Koma cimene cipha mavaneti ambiri ndi katundu. Vaneti ya tani imodzi inapangidwira matumba 20 a makilogramu 50, ndipo woyendetsa ndi anzace awerengedwa m'kulemera komweko. Nanga pa masika cioneka nciani? Matumba 30, pamwamba pace anthu, kumbuyo njinga ndi mbuzi. Mwini wace akondwa kuti wapulumutsa ulendo umodzi, osadziwa kuti walipira ndi masipuling'i othyoka, matayala ophulika, ndi chassis, ndiwo msana wa galimoto, woyamba ming'alu. Munthu wocitira cifundo ng'ombe yace pa goli sayenera kucitira nkhanza galimoto pa cifukwa cakuti siilira.

Galimoto ya mpingo ifa msanga koposa ya mlimi, ndipo cifukwa cace sicibisika. Ali yense aibwereka, palibe aitsegula kutsogolo kuona oilo. Akulu a mpingo acita bwino akaika munthu mmodzi wokhulupirika kukhala woisunga, nampatsa kabuku kolembamo tsiku, ulendo, makilomita, mafuta, ndi ciri conse cosinthidwa. Pa ulendo uli wonse pakhale kandalama kopatulidwa kulowa m'thumba la kukonza, kuti tsiku la bvuto lisasanduke tsiku la copereka ca dzidzidzi. Ndipo pofuna makanika, afunse kaye kwa anzao amene anamuyesa kale, pakuti safunsa anadya phula.

Tsono pali malire amene kusunga ndalama sikuyenera kuwalumpha. Cilamulo ca Mose cinalamula womanga nyumba kuti achinge m'mbali mwa tsindwi, kuti wina akagwa mlandu wa mwazi usakhale pa nyumbayo. Mabuleki, ciongolero, matayala ndi nyali ndizo chinga la galimoto. Citseko comangidwa ndi waya cingocititsa manyazi, koma mabuleki ofuna kupopa katatu pa zitsetso za ku Luangwa aika pa ngozi miyoyo ya onse okhala kumbuyo. Ciphaso ca RTSA cakuti galimoto iri bwino cifunidwe m'njira yoongoka, pakuti pepala logula ndi ciphuphu siliimitsa galimoto pa citsetso.

Ndipo ifikadi nthawi imene chassis yadyeka ndi dzimbiri kapena yaocereredwa kawiri ndi katatu, kotero kuti kukonza kwa caka cimodzi kuposa mtengo wa galimoto yonse. Pamenepo aileke kunyamula anthu. Akafuna kuigulitsa, aulule kwa wogula pamene pali mng'alu, osapakapo penti, ndipo kabuku kaja kapite nayo pamodzi.